Ubweya pamsana pa mwana wanga

Mwana wanga woyamba anabadwa ndi banga pamsana. Linayambira pansi pa phewa la kumanzere n'kutsikira chapakati, lakuda kuposa khungu lake lonse, kukula kwake ngati chikhatho changa osawerengera zala. Pabangapo panali ubweya wofewa, wogona, ngati tsitsi la m'mutu mwake. Tsiku lobadwalo sindinalione, poti anandipatsa mwana atamukulunga kale ndipo ine ndinali nditatheratu. Mawa lake, potitulutsa, anamwino anamutembenuza n'kundionetsa.

"Mayi, ichi wabadwa nacho mtsikana wanuyu. Musachite nacho kanthu. Muzibwera naye kusikelo, tizichiona."

Amayi anga, amene anabwera kudzandidikirira kuchipatala, anayang'ana n'kungoti, "Manja alipo, miyendo ilipo, akuyamwa. Tiyeni kunyumba."

Kunyumbako kunali kwawo kwa amuna anga, kumapiri a Biriwiri, kumene ndinapita chitengwa. Kwathu kobadwira ndi ku Kasinje, kuchigwa. Amuna anga anali ku Joni, pafamu ya mphesa, ndipo anachoka mimba isanayambe kuoneka. Pakhomo panali apongozi anga aakazi, amene amuna awo anamwalira kale, ndi mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, mtsikana woti pakamwa pake sipapuma.

Masiku a m'chikuta amayi anga ndiwo ankamusambitsa mwana. Mchombo utangogwa anabwerera ku Kasinje chifukwa anasiya bambo anga akudwala. Ndiye tsiku lomutulutsa mwana, apongozi anabwera ndi beseni la madzi ofunda ndi lezala latsopano. Kuno mwana satuluka panja ndi tsitsi la m'mimba, amayamba wametedwa. Anamuika pamiyendo n'kumumeta bwinobwino, dzanja osanjenjemera ngakhale pang'ono, uku akumuimbira nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Atamaliza anamutembenuza kuti amutsuke kukhosi. Nyimbo inathera pomwepo.

"Amake mwana, ichi n'chiyani?"

"Wabadwa nacho, amayi."

"Ndipo inu ndi amayi anu munangoti zii?"

Anasisita ubweyawo ndi chala, kenako anati nalonso ndi tsitsi la m'mimba, liyenera kuchoka. Ndinawalola, poti kumeta si kucheka. Anameta, pamsana panatsala banga lokha losalala. Mwezi usanathe ubweya unabwerera, ndipo poti unali ukungophuka, unkabaya chala ngati ziputu za ndevu. Apongozi anati ubweyawo wakwiya.

Nkhani yotere sichedwa kufika kumjigo. Amayi obwera kudzaona mwana ankafika ndi kaufa kapena kasopo, koma maso ali pa shawelo, kudikira kuti itseguke. Aliyense anali ndi chifukwa chake. Wina anati ndinaseka nyani ndili ndi pakati. Zoona anyani ankatsika m'phiri kudzaba chimanga ndipo ndinkawapirikitsa, koma kuseka? Wokubera chimanga ungamuseke? Wina anati ndinadya mbewa yosawauka bwino. Mayi wina wachikulire anafunsa kumene ndinkagona, ndipo atamva kuti m'chipindamo munkapachikidwa zibiya za malemu apongozi aamuna, zikopa zija amuna amavala m'chiuno povina ngoma, anaomba m'manja kuti wapeza. Zibiyazo zinatulutsidwa tsiku lomwelo, ngati kuti ubweyawo uzitsatira.

Neba wathu, amene anali woyembekezera, anasiya kudutsa pakhomo pathu, kuopa kuti akamuona mwana wanga nayenso abereka wotere. Koma wondiopsa kuposa onse anali mayi wina wogulitsa kabichi pamsewu. Uyu sanachite mantha ayi. Anati mwana waubweya pamsana amakhala wamwayi, chuma chimamutsatira, ndipo anandinong'oneza kuti ndimuzulireko tiubweya tingapo akaike pamalonda pake. Ndinamufunditsa mwana n'kumuuza mayiyo kuti ndikufuna kugona.

Mlamu wanga yekha ndiye ankandipepusa mtima, ngakhale njira yake inali yachipongwe.

"Alamu, inu ndi ochenjera," ankatero akumunyamula mwana. "Mwaona kuti kuno kumazizira, mwatiberekera mwana wa bulangete lake. Enafe tinabwera chimanjamanja."

"Mukadzabereka wanu tidzaone ngati adzabwere ndi jekete."

"Wanga adzabwera ndi nsapato zomwe, asadzandivutitse."

Apongozi sankaseka nawo. Tsiku lina tikusankha mbewu ya mbatata ya kachewere pakhonde, anandiuza chimene chinkawadya mumtima. Anati anali ndi mnzawo amene analangidwa naye limodzi kuchinamwali, mkazi wolimbikira ntchito, koma atakula anamera ndevu pachibwano. Poyamba anthu ankangomuseka, ena kuti adzalemera, ena kuti ndi wouma mtima. Kenako pamudzi panamwalira ana motsatizana, ndipo zala zonse zinaloza kwa iye. Palibe anamumenya, koma palibenso ankamwa madzi a mumtsuko mwake. Anakalamba yekha kumapeto kwa mudzi.

"Ndinaona ndi maso angawa," anatero. "Mdzukulu wanga sakhala choncho ine ndili moyo. Ubweyawu ukuyenda. Lero uli pamsana, mawa ufika m'khosi, mkuja kumaso. Tiuzule ukadali pamodzi."

Anati kutsidya kwa msewu, mbali ya Mozambiki, kuli sing'anga wodziwa zimenezi. Amapala bangalo ndi lezala mpaka lifiire, n'kutema mphini kuzungulira, kenako amapaka mankhwala akuda amene amadya mizu ya ubweya. Bala likapola, akuti, ubweya sumeranso.

Ine ndinangoti, "Ndamva, amayi." Ku Kasinje ndinali ndi mnzanga wa kusukulu amene anali ndi njerewere yaikulu pamkono. Anamupaka mankhwala otere. Bala lake linanyeka dzinja lonse, ntchentche osamusiya, ndipo litapola khungu linakokana moti mpaka lero mkonowo sauwongola bwino. Uyo anali mtsikana wamkulu, wotunga madzi yekha. Wangayu khosi linali lisanalimbe n'komwe. Ndinatsimikiza mumtima pakhonde pomwepo kuti lezala la munthu ameneyo silidzafika pamsana pa mwana wanga. Chovuta chinali chakuti mtengwa sauza apongozi ake kuti ayi. Ndiye ndinayamba kufunafuna njira zokanira popanda kutchula mawuwo.

Atati tipite Loweruka, ndinati mwana ali ndi katemera sabata yamawa, mabala awiri nthawi imodzi angamufooketse. Anavomera. Katemera atadutsa ndinati thupi likadali lotentha. Kenako chimfine chinandithandiza. Kenako inafika nthawi yokumba kachewere kudimba ndipo panalibe wopuma. Sindinaname ngakhale kamodzi, ndinkangotola chilichonse chimene tsikulo landipatsa.

Amuna anga ndinawaimbira pafoni ya mlamu, titakwera pachulu pamene netiweki imagwira. Ndinawafotokozera zonse.

"Akudwala?" anafunsa.

"Ayi, ali bwinobwino, wanenepa."

"Nanga amayi akuti chiyani?"

"Akuti akapalidwe."

Ndinkamva thirakitala ikulira kumbuyo kwawo. Kenako anati, "Ine ndili kutali, sindinamuone. Gwirizanani kumeneko, musayambane."

Mlamu anandilanda foni. "Achimwene, yankho limenelo ndi la mkulu wa mpingo. Tumizani shawelo basi, zinazi zakukulirani."

Ndinatsika pachulupo ndikudziwa kuti nkhaniyi yatsala m'manja mwanga.

Sikelo inkachitikira pansi pa mtengo pafupi ndi sukulu. Kumeneko mwana umamuvula, n'kumulowetsa m'kabudula wansalu, n'kumupachika anthu onse akuona. Miyezi yoyamba ndinkamusiya ndi kamalaya poti kunkazizira. Mwezi umenewo ndinamuvula zonse. Ndinati ngati n'kuona aone lero, atope nazo. Amayi anzanga anasiya nkhani zawo. Wina kumbuyo anati, "Iii, nyani weniweni." Ndinatembenuka n'kumuyang'ana mpaka anayamba kukonza chitenje chake chimene chinali chokonzeka kale.

Mlangizi wa zaumoyo ananditumiza kwa adokotala, ndipo ndinapita. Adokotala anayang'ana, anagwira, anati ana ena amabadwa choncho, sizipatsirana ndipo si chifukwa cha chimene ndinadya kapena kuona. Anandichenjeza kuti bangalo lisachekedwe kapena kuotchedwa, koma ndikadzaona likutuluka magazi, likutupa kapena kusintha mtundu, ndidzathamange naye. Pobwerera ndinkayenda mopepuka, ndikuganiza kuti nkhani yatha. Nditawauza apongozi anangoti, "Achipatala chinthu chikawakanika amati chisiyeni."

Zifukwa zinali zitandithera. Ndiye ndinaganiza nzeru ina, imene panthawiyo ndinkaiona ngati yakuya. Ndinatenga chitenje chakale, ndinamugoneka mwana chafufumimba, ndinaika nsaluyo pabanga n'kuidula ndi sizasi motsatira m'mbali mwake, ndendende. Ndinapita nako kansaluko kwa apongozi, ndinagwada.

"Amayi, inu mukuti ubweyawu ukuyenda, ine ndikuti uli malo amodzi. Tisakangane. Sungani kansaluka. Tsiku limene banga lidzapose kansaluka, ndidzamubereka ndekha mpaka kutsidya."

Anakatembenuza kansaluko, anakayesa pamsana pa mwana, anaona kuti kakukwana. "Mwanena nokha," anatero, n'kukaika m'kachitini kawo ka singano.

Tinapuma. Mvula inabwera, tinadzala chimanga, mwana anayamba kukhala, kenako kukwawa. Anali wadyera, phala ankalilirira lisanazizire. Musaganize kuti apongozi anali munthu woipa. Nthochi yoyamba kupsa inali ya mdzukulu wawo, ndipo akamva kakhosomola ankafika ine ndisanadzuke pamphasa. Masabata oyamba ankayesa kansalu pafupipafupi, kenako anachita ngati aiwala. Inenso ndinaiwala.

Tsiku lina chimanga chitamasula, ndinabwera kuchokera kumunda n'kupeza apongozi atakhala pamphasa, mwana ali chafufumimba pamiyendo pawo, kansalu kali pamsana. Kuzungulira kansaluko kunkaoneka mkombero wakuda, waubweya, wotsala panja mbali zonse.

"Bwerani muone," anatero mosakweza mawu. M'maso mwawo munali misozi. "Tachedwa nazo. Loweruka tikupita."

Ndinayang'ana mkomberowo. Kansalu ndinadula ndine, mawu ndinanena ndine. Masiku otsatirawo ndinkagwira ntchito ngati munthu wosadzuka bwino. Kodi n'kutheka kuti ubweyawo unkayendadi? Pomusambitsa ndinkamuyang'anitsitsa, koma m'maso mwanga banga linali pomwe linali kale, pansi pa phewa, kutali ndi khosi. Maso ankanena zina, kansalu kankanena zina.

Lachisanu ndinayamba kulongedza zovala, poti anati tikakhala komweko mpaka bala litayamba kuuma. Sindinali nditavomera mumtima, koma manja ankangogwira. Pansi pa chikwama ndinapeza kamalaya kamene mwana ankavala nthawi imene ndinadula kansalu. Ndinati ndimuveke. Mutu unalowa movutikira, manja anakana, ndipo mabatani a kumsana sanakumane n'komwe. Ndinakhala pansi ndikuyang'ana mpata umene unali pakati pa batani ndi kabowo kake. Kenako ndinamunyamula choncho, kamalaya kali m'khosi, mpaka kukhitchini kumene apongozi ankasenda kachewere.

"Amayi, tamangani mabataniwa."

Anayesa, anakoka, mwana analira. "Kachepa aka. Mukumuvutitsiranji mwana?"

"Kamalayaka n'ka mwezi womwe uja ndinadula kansalu. Sikanachepe ayi, mwana ndiye wakula. Msana wakula, banga lakula nawo. Kansalu kokha ndi kamene sikadya phala."

Mlamu, amene ankakoleza moto, anaphulika nako kuseka. "Ndiye tikamupalitsenso mutu, poti chipewa chija chinasiya kumukwana!"

"Iwe, tseka pakamwa," anatero apongozi. Anapukuta manja pachitenje n'kundiyang'ana. "Amake mwana, ine ndabereka, ndalera, musandiphunzitse kuti ana amakula. Mawu munanena nokha, palibe anakukakamizani. Kapena kwanu ku Kasinje mawu a munthu amachepa ngati malaya?"

Pamenepo njira zonse zozungulira zinatha. Ndinagwada, mwana ali pachifuwa, maso pansi monga mwa ulemu, koma mawu ndinawatulutsa onse.

"Ndinanenadi, amayi, ndipo ndinayeza molakwa. Mundikhululukire. Koma mwanayu sakapalidwa, mawa kapena tsiku lina lililonse. Za mnzanu uja ndinazimva, sindikuzipeputsa. Nanenso ndinaona zimene mankhwala amenewo anachita pamkono wa mnzanga. Anthu akadzamunena ndidzakhala naye pomwepo, koma khungu likapsa sindingalibwezere. Ngati ndalakwa pakhomo pano, itanani ankhoswe, ndipite naye kwathu mpaka bambo ake adzabwere."

Mlamu anasiya kuseka. Chibwerereni pakhomo limenelo ndinali ndisanakanepo kanthu. Apongozi anatola mpeni n'kupitiriza kusenda. Anasenda kachewere mmodzi yemweyo mpaka anatsala kang'onong'ono.

"Ankhoswe aitanidwe chifukwa cha ubweya?" anatero pomaliza. "Kuti mudzi wonse udzasonkhane kudzamuvula mdzukulu wanga? Khalani naye. Koma tsiku limene adzabwere akulira kuti anzake amunena, musadzandiyang'ane ine."

"Ndamva, amayi."

Loweruka linafika, tinapita kudimba.

Sanandiyankhule bwino mpaka tinakolola. Ankandituma kudzera mwa mlamu, ine ndili pomwepo: "Uwauze alamu ako kuti mchere watha." Mlamu naye ankatembenuka mwaulemu wonse n'kuti, "Alamu, kwabwera uthenga wochokera kutali, akuti mchere watha." Ine ndinkangodzuka kukagula mcherewo. Ndinkawaphikira, kuwatenthetsera madzi osamba, kuwagwadira monga kale. Masiku ena zinkandipweteka moti ndinkakalirira kudimba, koma ndikamusambitsa mwana n'kuona msana wake wopanda bala, ndinkapeza mphamvu za mawa lake.

Amuna anga anabwera pa Khirisimasi, mwana akuyenda kale. Anamunyamula, anamukweza kamalaya, anayang'ana, nati, "Kodi nkhondo yonse ija inali ya kameneka?" Apongozi ndi ine tinawayang'ana ndi diso limodzi. Apongozi anati, "Munthu amene sanapalire amati munda unali waung'ono." Ndinaseka, iwonso anaseka, ndipo ndikuganiza kuti tsiku limenelo ndi limene tinayambanso kumvana.

Koma mawu awo aja sanagwe pansi. Chaka chimene mwana anayamba sukulu, tsiku lina anabwera akulira. Ankasewera fulaye, diresi linang'ambika kumsana, anzake anaona, ndipo anamuimba nyimbo njira yonse mpaka pamphambano. Apongozi anali pakhonde. Sindinawayang'ane, monga anandiuzira. Ndinamuvula diresilo, ndinamukhazika pamiyendo, ndinamupukuta kumaso. Ndinamuuza kuti anabadwa nalo, silipweteka, silipatsirana, palibe amene analakwa, ndipo mawa apitanso kusukulu.

"Amayi, lingachoke?"

"Ukadzakula udzapita wekha kwa madokotala akuluakulu ukafunse. Chimene udzasankhe chidzakhala chako, poti msanawu ndi wako."

Anaganiza pang'ono akufwenthera. "Ndiye panopa mungondidulako ubweyawu. Umakodwa muzipi."

Ndinatenga sizasi, ndinadula mofupikitsa, osakhudza khungu. Ndili mkati modula, apongozi anadzuka, anatola diresi long'ambikalo n'kuyamba kulisoka. M'mawa mwake ndinamuperekeza mpaka pabwalo la sukulu, ndipo ndinaima pamenepo, anzake aja akundiona, mpaka analowa m'kalasi.